Njira Yolambalala: Kodi Kuzemba Mpanda wa Boma pa Intaneti Nkulakwa?

Mawu oyamba

Mzinda wa Mutare uli m'chigwa, pakati pa mapiri a m'malire a Zimbabwe ndi Mozambique. Munthu akachoka pakati pa mzindawu kulowera kum'mawa sayenda makilomita 10 asanafike pachipata cha Forbes, ndipo kutsidya kwake ndi ku Machipanda. Anthu a kumeneko amadziwa zipata, amadziwanso tinjira ta m'mapiri tolambalala zipatazo. Mu Januwale 2019 iwo, pamodzi ndi dziko lonse la Zimbabwe, adakumana ndi mpanda wina wosaoneka ndi maso.

Pa 12 Januwale chaka chimenecho, Pulezidenti Emmerson Mnangagwa adalengeza kuti lita imodzi ya petulo yakwera kuchoka pa $1.24 kufika pa $3.31. Bungwe la mabungwe a anthu apantchito la ZCTU lidaitanitsa kunyanyala ntchito kwa masiku atatu kuyambira pa 14 Januwale. Tsiku lotsatira nduna yoona zachitetezo, a Owen Ncube, idalamula makampani a lamya kuti atseke intaneti. Itatsegulidwanso, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zidakhalabe zotseka, ndipo anthu ambiri adathamangira ku VPN. Nkhani ino ikuunika mafunso awiri. Loyamba, kodi nzika imene yazemba mpanda woikidwa ndi boma yalakwa? Lachiwiri, kodi akatswiri amene amanola zida zozembera mpandawo akuchita ntchito yabwino?

Mmene chidachi chimagwirira ntchito

Uthenga wa pa intaneti umadutsa m'makina a kampani ya lamya, ndipo kampaniyo imaona kumene ukupita, monga momwe wa positi amawerengera keyala pa envulopu. Kutseka Facebook kuli ngati kuuza wa positi kuti makalata onse a keyala yakuti asadutse. VPN imatenga kalatayo nkuiika mu envulopu ina yomatidwa zolimba, yolembedwa keyala ya kompyuta ya kudziko lina. Ikafika kumeneko ndi pamene imamatulidwa nkutumizidwa kwa mwini wake.

Otseka nawo sagona. Ali ndi makina ozindikira maonekedwe a envulopu yachiwiriyo, kotero kuti njira zodziwika monga OpenVPN ndi WireGuard zikhoza kugwidwa ndi kutsekedwa. Apa ndi pamene pagona ntchito yonola zida. Gulu la Tor lili ndi njira ya obfs4, imene imachititsa uthenga kuoneka ngati phokoso lopanda tanthauzo, komanso ya Snowflake, imene imauveka maonekedwe a anthu awiri ocheza pa kanema. Psiphon, imene idayambira pa yunivesite ya Toronto mu 2006, imasinthasintha njira ina ikatsekedwa. Mwachidule, chida chabwino ndi chimene mlonda sachizindikira kuti ndi chida.

Lamulo ndi malire ake

Wotsutsa woyamba anganene kuti boma ndi boma, ndipo dziko limene aliyense amasankha yekha malamulo oti amvere silingaime. Mfundo imeneyi ndi yolemera. Komabe zimene zidachitika ku Harare zikuifooketsa. Mabungwe a MISA Zimbabwe ndi Zimbabwe Lawyers for Human Rights adakamang'ala kubwalo lalikulu la milandu, ndipo pa 21 Januwale 2019 woweruza Owen Tagu adagamula kuti ndunayo idalibe mphamvu zolamula zimenezo pansi pa lamulo la Interception of Communications Act la 2007. Choncho mnyamata wa ku Dangamvura amene adaika VPN m'foni mwake sabata imeneyo adalambalala chigamulo chimene ichonso chidalambalala lamulo.

Koma munthu woganiza mozama sangakhutire ndi yankho limeneli. Bwalo lidati wosayina adali wolakwika, popeza mphamvuzo zidali m'manja mwa Pulezidenti. Silidanene kuti kutseka intaneti nkoipa pakokha. Nanga chikalatacho chikadasayinidwa ndi woyenera? Kodi mpandawo ukadasanduka wolungama chifukwa cha siginecha? Pamenepa pakuoneka kuti funsoli silithera m'mabuku a malamulo. Gawo 61 ndi gawo 62 la malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 likupereka ufulu wolankhula ndi ufulu wopeza uthenga, koma ufuluwo udalipo asanaulembe. Boma limalamulira chifukwa anthu adavomera, ndipo anthu sangavomere kapena kukana chinthu chimene saloledwa kuchimva ndi kuchikambirana. Mfumu imene yatseka bwalo ndiye nkumati anthu onse agwirizana nayo ikudzinamiza yokha. Kumvera kumene nzika ili nako kwa boma kumatsamira pa bwalo lotseguka. Bwalo likatsekedwa, mbali ina ya ngongole ya kumverayo yafafanizika.

Khoswe pamkhate

Wotsutsa wachiwiri anganene kuti masiku amenewo kudalidi chipwirikiti: misewu idatsekedwa, masitolo adathyoledwa, ndipo mphekesera zimayenda pa WhatsApp ngati moto wolusa. Zimenezi nzoona, ndipo nzoonanso kuti chida chobisa uthenga wa mtolankhani chimabisanso wa mbava. Koma makolo adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Pofuna kutseka pakamwa anthu ochepa osonkhezera ziwawa, boma lidatseka pakamwa namwino, wamalonda wodikira katundu wa ku Beira, wophunzira wa pa Africa University, ndi gogo wa ku Sakubva amene makolo ake adachokera ku Dedza, amene amangofuna kumva ngati mdzukulu wake ku Harare wafika kunyumba. Mkhate udasweka, ndipo palibe umboni woti khosweyo adafa.

Palinso china. Bungwe la Human Rights Watch lidalengeza kuti achitetezo adapha anthu osachepera 17 pa zipolowe zimenezo. Mdima umene akuti udaikidwa kuti uteteze anthu udaphimbanso zimene zinkachitikira anthuwo. Mphekesera siitha chifukwa mauthenga atsekedwa. Imanenepa, popeza palibe woitsutsa. Mankhwala a bodza ndi umboni, ndipo umboni umafuna njira yodutsamo.

Kodi kubisa ndi kunama?

Funso lovuta kwenikweni likukhudza onola zida. Chida chimene chimaveka uthenga maonekedwe a chinthu china chikupusitsa mlonda. Kodi kumeneku si kunama? Chinenero cha Chichewa chili ndi thandizo pamenepa, chifukwa chimasiyanitsa kunama ndi kuphiphiritsa. Mayi woimba pamtondo amadzudzula mwamuna wake kapena apongozi ake popanda kutchula dzina. Omva amamva, ndipo palibe amene amamutcha wabodza. Mkulu woponya mwambi pabwalo amanena za kalulu koma akutanthauza munthu. Kuphiphiritsa ndi luso la wopanda mphamvu polankhula pamaso pa wamphamvu.

Mbiri ya Malawi ikuchitira umboni. Pansi pa lamulo lounika mabuku ndi zisudzo la 1968, alembi adaphunzira kukulunga mawu awo. Jack Mapanje, katswiri wa zinenero pa Chancellor College, adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, buku lake la ndakatulo la Of Chameleons and Gods litachotsedwa kale m'masitolo ndi m'masukulu. Kalata ya maepiskopi a Chikatolika ya pa 8 Malichi 1992 boma lidaitcha youkira, koma idapitirira kuyenda m'manja mwa anthu, ndipo m'miyezi yotsatira makina a fakisi ndi ochulukitsira mapepala adafalitsa zambiri zimene wailesi ya MBC sinkanena. Lero palibe amene amati anthu amenewo adali achinyengo.

Bodza limalakwira munthu amene ali ndi ufulu womva choonadi. Wa positi alibe ufulu wowerenga kalata ya mwini, choncho womata envulopu sadamunamize kanthu. Wolandira uthenga ndiye woyenera kuuzidwa zoona, ndipo VPN siisintha ngakhale liwu limodzi la zimene iye alandira. Ngati uthengawo uli wabodza kapena woitanira anthu kukapha anzawo, tchimolo ndi la wolemba, ndipo malamulo omulangira alipo kale.

Udindo wa onola zida

Kunena kuti ntchitoyi ndi yololeka sikutanthauza kuti aliyense woichita ndi wolungama. Wogwiritsa ntchito VPN amachotsa chinsinsi chake m'manja mwa kampani ya lamya nkuchiika m'manja mwa mwini VPN, munthu amene sadamuonepo. Kafukufuku wa mu 2016 wa mapulogalamu 283 a VPN a m'mafoni a Android adapeza kuti ena mwa iwo sankabisa uthenga nkomwe, ndipo ambiri adali ndi zida zolondola eni mafoni. Woolotsa anthu pamtsinje usiku akhoza kukhala mpulumutsi, akhozanso kukhala wowafwamba pakati pa madzi. Udindo woyamba, tsono, ndi kukhulupirika: kusasunga ndi kusagulitsa mbiri ya anthu, ndi kulola akatswiri ena kuunika mmene chidacho chidapangidwira.

Udindo wachiwiri ndi kunena zoona za malire a chidacho. Pa 15 ndi pa 18 Januwale 2019, pamene intaneti yonse idazimitsidwa, VPN idalibe ntchito, pakuti envulopu ilibe phindu positi ikatsekedwa. Munthu amene wauzidwa kuti ndi wotetezeka kotheratu amalankhula mosasamala, ndipo akagwidwa, wopanga chida uja amakhala ali kutali.

Udindo wachitatu ukukhudza chinenero ndi umphawi. Malamulo aakulu a Zimbabwe amavomereza zinenero 16, kuphatikizapo Chichewa, Chishona ndi Chindau, koma malangizo a zida zambirizi amabwera m'Chingerezi, ndipo zina zimafuna foni yamakono ndi ndalama zambiri za intaneti. Ngati njira yolambalala ikudziwika kwa mphunzitsi wa pa yunivesite yekha, wogulitsa tomato pamsika wa Sakubva nkutsala kuseri kwa mpanda, ndiye kuti chidacho chagawa anthu pawiri. Boma lochenjera likhoza kulekerera kabowo kotero, podziwa kuti ophunzira akapeza podutsira amaleka kudandaula za mpanda.

Mawu omaliza

Anthu ena a m'malire a chigawo cha Manicaland amasunga makadi a lamya a ku Mozambique, ndipo nkosavuta kuganiza kuti kwa mnansi ndiko kothawira. Koma chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitabweretsa zionetsero ku Mozambique, nakonso intaneti ya m'mafoni idadulidwa ndipo WhatsApp ndi Facebook zidatsekedwa. Ku Zambia zidatsekedwa pa tsiku la chisankho, pa 12 Ogasiti 2021, mpaka bungwe la Chapter One Foundation lidakadandaula kubwalo lalikulu ku Lusaka. Mpanda umene uli kwa mnzako lero, mawa uli kwanu.

Yankho la mafunso awiri aja, tsono, ndi lakuti nzika yozemba mpanda wotere siilakwa, ndipo katswiri wonola chida mokhulupirika akugwira ntchito yolemekezeka. Koma nkofunika kukumbukira chimene chidatsegula WhatsApp ku Mutare pa 21 Januwale 2019. Sichidali chida chobisika ayi, koma anthu amene adaima poyera m'bwalo la milandu, natchula maina awo, nafunsa nduna kumene idatenga mphamvu zake. Kanjira ka m'phiri kamapulumutsa munthu mmodzimmodzi. Chipata chimatsegukira onse pokhapokha wina atapita kukagogoda masana.