Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere m'manja

Nsatsi siifuna kulimira. Imamera yokha kudzala, kuseri kwa khola, ngakhale pabwinja pomwe anthu anasamuka kalekale. Imakula msanga, masamba ake otambalala ngati chikhatho, ndipo amayi akale ankakazinga njere zake, n'kuzisinja, n'kuziwiritsa kuti ayengule mafuta odzola. Koma thunthu lake n'lachabechabe. Ukalidula umapeza mphako m'kati, kunjaku kuli khungu lamadzimadzi. Chimene wasema m'mawa, dzuwa likamapendeka chayamba kukwinyika.

Ndiye mwana waona akuluakulu ali ndi nyanga yeniyeni, ya ngoma kapena ya mphalapala, yoimba poitanira anthu ku uzimba. Naye akufuna yake, ndipo akuloza nsatsi. Bambo ake amuuza kuti imeneyo sikhalitsa. Mwana sakumva, wadzigwetsa pansi, akugubuduka m'fumbi, mamina mbwee. Pamenepo mkulu uja amasolola mpeni n'kusema mwakachetechete. Sikuti wagonja. Waona kuti mawu athera pomwepo, kwatsala kuti dzuwa limuphunzitse mwanayo.

Mwambiwu timaugwiritsa ntchito pa munthu wosamva malangizo: mtsikana woumirira banja lomwe ankhoswe akulikayikira, mnyamata wogulitsa munda wa makolo kuti akayese mwayi ku Joni. Koma ine umandiopsa kwambiri ndikauika pakati pa Mkhristu ndi Mulungu wake. M'mipingo mwathu tinazolowera kuti chimene tapempha chikapezeka, basi, kumwamba kwavomereza. Nthawi ya maumboni ikafika timamva za ntchito, za galimoto, za chitupa cha ulendo. Ine sindinamvepo munthu akuimirira kutsogolo kuthokoza kuti anapempha chinthu n'kumanidwa. Chonsecho Baibulo lili ndi nkhani za anthu omwe analandira ndendende zomwe ankalirira, n'kupeza kuti anangowasemera nsatsi.

Pa Numeri 11, Aisraeli ali m'chipululu atopa ndi mana. Akukumbuka nsomba za ku Igupto, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo. Zikwapu za akapitawo aiwala, akukumbuka ndiwo zokha. Mabanja akulira pamakomo a mahema awo kufuna nyama. Mulungu sanawakanize. Anawalonjeza nyama ya mwezi wathunthu, mpaka idzawakole n'kuwatulukira m'mphuno. Mphepo inabweretsa zinziri kuchokera kunyanja, anthu anatola usana wonse, usiku wonse ndi tsiku lotsatira. Nyama ikadali m'mano, mliri unawagwera, ndipo malowo anawatcha Kibroti-hatava, kutanthauza manda a anthu osusuka. Wina akanakhala kuti anachitira umboni madzulo a tsiku loyamba lija, akanati pemphero layankhidwa, ndipo tonse tikanaomba m'manja.

N'chimodzimodzi pa 1 Samueli 8, pomwe akuluakulu anapita ku Rama kukapempha mfumu kuti afanane ndi mitundu ina. Samueli anawachenjeza kuti mfumuyo idzawatengera ana, minda ndi chakhumi cha zokolola. Anaumirirabe, ndipo anapatsidwa Sauli, wamtali kuposa onse, yemwe anathera pa lupanga lake lomwe paphiri la Giliboa.

Ine nyanga yanga inali njinga yamoto. Anzanga awiri anali atagula zawo n'kuika anyamata pa kabaza, ndipo madzulo aliwonse ankalandira ndalama ali khale pakhonde. Mtima unandiyaka. Ndalama zinali zosakwana, choncho ndinaganiza zokatenga katapila, uja umabweza ndi theka pamwamba mwezi ukatha. Mayi a kunyumba anati, “Abambo, bwanji tidikire tikolole, tigulitse soya?” Ndinawayankha kuti za bizinesi sazidziwa. Mkulu wa mpingo wa m'dera lathu, munthu wosachulutsa mawu, anandifunsa funso limodzi: “Achimwene, mwaipempherera nkhaniyi?” Ndinati eya. Sindinaname kwenikweni, chifukwa ndinkapemphera usiku uliwonse. Koma pemphero langa linali lakuti wa katapila asandikanize ndiponso mwini njinga asagulitse kwa wina. Funso lakuti kodi ndigule kapena ayi sindinalifikitse kwa Mulungu ngakhale kamodzi, poti yankho ndinali nalo kale, ndipo ndinkaopa kumva lina.

Zonse zinayenda myaa. Tsiku lomwe njinga inafika ndinaitana mkulu uja kuti adzaidalitse. Anabwera, anavula chipewa, anaika dzanja pa chishalo n'kupemphera mwachidule. Kenaka anamwa tiyi n'kumapita, osanena kanthu. Lero ndimadziwa kuti naye ankasema.

Apa ndi pomwe ambiri timaphonya tanthauzo la kupereka moyo kwa Mulungu. Timaganiza kuti ndi kuimika dzanja pa msonkhano wa chitsitsimutso, kapena kusiya mowa, ndipo zimenezo n'zabwino ndithu. Koma moyo umene tikunenawu ndi wa Lachiwiri masana: ngongole iyi nditenge kapena ndisiye, malire a munda ndisunthe pang'ono poti mnzanga kulibe, uthenga uwu wa pa WhatsApp ndiyankhe kapena ndifufute. Pa zinthu zoterezi timasankha tokha, kenaka n'kupita kwa Mulungu ngati kwa mfumu ya m'mudzi kukadinditsa kalata yomwe talemba kale. Wodzipereka amafunsa kalata isanalembedwe, ali wokonzeka kumva kuti ayi. Ku Getsemane Yesu sanabise chimene mtima wake unkafuna, anachitchula poyera katatu konse, koma chigamulo anachisiya m'manja mwa Atate. Kukhumba pakokha si tchimo. Mwana wa m'mwambi uja sanalakwe posirira nyanga. Analakwa pokana kumva kuti mtengo womwe waloza si wake wa nyanga.

Njinga yanga sinachedwe kufota. Mafuta atayamba kusowa, mnyamata woyendetsa njingayo ankatha tsiku lonse pamzere, ndipo tsiku lomwe wayenda ankabwera ndi nkhani m'malo mwa ndalama: tayala laphulika, apolisi amugwira. Wa katapila sankamva za matayala. Mwezi wachinayi anabwera ndi ngolo n'kunyamula matumba a chimanga, ana akuonerera. Njinga ndinaigulitsa motchipa kuti nditseke ngongole.

Komabe mwambiwu uli ndi chifundo chomwe sitichiona msanga. Mkulu wosema uja sathamangitsa mwana pakhomo. Nsatsi imafotera pabwalo pomwepo, iye ali pafupi akuyang'ana, ndipo madzulo mwana amadya nsima m'mbale yomweyo. Bambo wa pa Luka 15 anagawira mwana wake chuma akudziwa komwe chikathere, koma tsiku lobwerera ndiye anayamba kumuona akadali patali. Mkulu wa mpingo uja sanandikumbutsepo za funso lake. Chaka chimenecho, m'mwezi wa February, anatitumizira ndowa ziwiri za chimanga kudzera mwa mdzukulu wake.

Mwezi wathawu mnzanga wina anandinong'oneza za puloti yotsika mtengo kufupi ndi msewu, akuti ofuna ndi ambiri, ndifulumire. Ndinafika kunyumba mtima uli dyokodyoko, n'kuyamba kufotokoza ndisanavule n'komwe nsapato. Mayi a kunyumba anamvetsera mpaka ndinamaliza, akupeta mpunga. Kenaka anaika lichero pansi.

“Abambo, tipemphere pano, kapena mudzaitananso akulu a mpingo mutagula?”

Ndinavula nsapato n'kukhala pamphasa.