Kodi Munthu Alowe ndi Mfuti m'Nyumba ya Boma?

M'dziko la America muli mlandu umene eni ace akangana nao zaka zambiri, ndipo uyenera kuti ifenso tiulingalire, pakuti pansi pace pali funso lakale: kodi cosunga munthu ndi cida cace, kapena lamulo?

Dziko lija liri ndi zigawo 50, ciri conse ndi malamulo ace, ndipo pamwamba pa izo pali Boma lalikuru lokhala ku Washington. M'caka ca 1791 anaonjeza pa lamulo lao lalikuru mau otsimikiza ufulu wa anthu wa kusunga ndi kunyamula zida. Mau awa awacha Second Amendment. Koma Boma lalikurulo liri ndi malo aceace: mabwalo a milandu, maofesi, mapositi ndi nkhalango. Lamulo limene linaikidwa mu 1988 liletsa kulowa ndi mfuti m'nyumba ya Boma m'mene anchito ace agwiramo nchito. Wolakwira lamuloli akhoza kulipitsidwa ndalama kapena kukhala m'ndende kufikira caka cimodzi. Ikakhala nyumba ya milandu, zaka ziwiri. Akakhala kuti anafuna kucita nayo coipa, zaka zisanu. Apolisi ndi asilikari a pa nchito saletsedwa. Ndiponso lamulo lomwelo liti Boma lipacike cidziwitso pa makomo olowera anthu, kuti lisakhale msampha wokola munthu wosadziwa.

Tsono wina adzati, Ngati ndiri munthu wolungama pa mseu, kodi ndisanduka cigawenga pakuponda khomo la Boma? Funso ili si lopusa iai. Wolungama ndiye amvera cidziwitso, woipa sacisamala. Pa 24 July 1998 munthu wina analowa ndi mfuti m'Capitol, nyumba ya aphungu ku Washington, napha alonda awiri, Jacob Chestnut ndi John Gibson. Colembedwa pa khomo sicinamletse.

Komatu taganizani cimene nyumba zotere zinamangidwira. Pa bwalo la milandu pakomana anthu awiri opwetekana mtima, ndipo mmodzi adzacoka ataluza. Woweruza akaona mfuti m'cuuno mwa woimbidwa mlandu, kodi lilime lace lidzakhala laufulu? Mboni yosauka idzanena zoona bwanji, pamene uyo imnenera ali ndi imfa m'thumba? Mfuti siyenera kulira kuti ipotoze mlandu. Kuoneka kwace kokha kukwanira. Anthu anamanga bwalo kuti mau alowe m'malo mwa nthungo, kuti mkazi wamasiye ndi mwini cuma aime molingana. Cifukwa cace wosiya cida pa khomo sataya ufulu wace. Agula naco ufulu wa kunena ndi kumvedwa, umene uli wace ndi wa mdani wace yemwe.

Nzeru iyi si ya dzulo. Ku England, mu 1328, lamulo la Northampton linaletsa kudza ndi zida pamaso pa oweruza a mfumu. Ndipo bwalo lalikuru la America, pa mlandu wa Heller mu 2008, lingakhale linatsimikiza ufulu wa munthu wa kusunga mfuti m'nyumba mwace, linati ciweruzo cace sicifafaniza malamulo oletsa zida m'sukulu ndi m'nyumba za Boma. Pa mlandu wa Bruen mu 2022 linavomera kuti munthu anyamule mfuti poyera kudzicinjiriza nayo, koma linachula mabwalo a milandu, nyumba za aphungu ndi malo osankhira atsogoleri monga malo oletsedwa kuyambira kale.

Koma si malo onse a Boma ali bwalo. M'nkhalango ya Yellowstone munthu akomana ndi zimbalangondo, si oweruza, ndipo mlonda ali kutari. Kuyambira mu February 2010 munthu aloledwa kukhala ndi mfuti m'nkhalango zosungidwa zotere, akatsata lamulo la cigawo cimene nkhalangoyo irimo. Koma pa khomo la nyumba yolandirira alendo, m'nkhalango momwemo, ciletso cikhalabe. Pa za positi ndipo oweruza asiyana mau. Mu 2015 bwalo lina linakaniza munthu wa ku Colorado kusiya mfuti yace ngakhale m'galimoto pa bwalo la positi; mu 2024 woweruza wina wa ku Florida anati kuletsa mfuti m'positi kulakwira lamulo lalikuru. Apa tiphunzira kuti mau akuti "malo ano nga Boma" sakwanira okha. Ciletso cikhala colungama pokhapo pali cifukwa coti munthu wamba angacimve.

Ndipo catsala cinthu cimodzi colemera koposa. Akuru anati, walira mvula walira matope. Boma likauza munthu kuti asiye cida cace kunja, lasenza moyo wa munthuyo pa phewa lace kufikira aturuke. Likapacika cidziwitso cokha, osaika mlonda kapena kufufuza olowa, lavula olungama ndi kusiya khomo lotseguka kwa oipa. Pamenepo odandaula anena zoona. Alonda awiri aja a ku Capitol anaima pa nchito yao kusunga anthu opanda zida, nalipira mangawa a Boma ndi mwazi wao.

Cifukwa cace yankho lathu ndi ili. Kumene anthu aweruza ndi kupangana, mfuti itsale kunja, ngakhale ya munthu wabwino. Kumene munthu ali yekha ndi zirombo, Boma lisamlande cimene silikhoza kumbwezera. Ndipo inu amene mupatsidwa mphamvu ya kuletsa, kumbukirani kuti wolanda munthu cikopa ayenera kukhala cikopa cace iye mwini.