KODI MLANDU WA MUNTHU WOSAMVA UNGAWERUZIDWE BWANJI?

Makolo athu poweruza milandu pabwalo la mfumu ankati wodandaula ayankhule, woimbidwa mlandu nayenso ayankhe. Mwambo umenewu ndi womwe umatsatidwa ku Khoti Lalikulu la ku Zomba ngakhalenso m'mabwalo a majisitireti. Popeza milandu imazengedwa m'Chingerezi, pamakhala womasulira amene amatembenuzira mawu m'Chichewa kapena m'Chiyao. Nanga munthu wosamva, amene chinenero chake chili m'manja, iye amam'masulira ndani?

Malamulo aakulu a dziko lino a m'chaka cha 1994, mu gawo 42, amati woimbidwa mlandu azengedwe m'chinenero chimene amachimva, apo ayi boma limulipirire womasulira. Lamuloli silinapatule chinenero cha pakamwa ndi cha manja. Ndiponso m'chaka cha 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations lokhudza anthu olumala. Komatu akatswiri omasulira chinenero cha manja ndi owerengeka, monga bungwe la anthu osamva la MANAD lakhala likudandaulira.

Ena amati vutoli n'lochepa: "Mpatseni pepala alembe, kapena aitane mbale wake." Maganizo otere ndi operewera. Si osamva onse amene anafikako ku sukulu monga ya Maryview ku Nguludi kapena ya ku Mua, ndipo wodziwa kulemba dzina lake sindiye kuti angatsutse mboni polemba. Za mbale ndiye zoopsa koposa. Taganizani za mtsikana wosamva amene wagwiriridwa, ndipo wom'chimwirayo ndi malume ake enieni. Womasulira akakhala wa m'banja lomwelo, kodi adzanena zonse zimene manja a mwanayo akunena, kapena adzabisa zina poteteza mbiri ya mtundu? Woweruza sangadziwe, pakuti iye akungoona zala zikuyenda.

Palinso kugwedeza mutu. Munthu wamantha amagwedezera mutu aliyense wovala yunifolomu, ndipo kugwedeza kumeneko kungathe kulembedwa kuti wavomera mlandu. Akakhala kuti manja ali mu unyolo, ndiye kuti wam'tseka pakamwa.

N'zoona kuti kudikira womasulira kumachedwetsa mlandu, ndipo woganiziridwayo amavutika m'chitokosi. Koma mankhwala ake ndi kuphunzitsa omasulira ambiri ndi kuwalemba ntchito m'makhoti, osati kuthamangitsa chigamulo. Munthu wolowa m'ndende ya Zomba osadziwa chimene mboni zinanena za iye, ngakhale atakhala kuti analakwadi, sanaweruzidwe ayi, wangotsekeredwa.