Nkhokwe ya Dziko ndi Amanah ya Woyang'anira

Kodi ndi chilungamo kuti boma lilamule mlimi chimene adzale, mtengo umene agulitsire, kenako limuyezere chimanga chimene adye? Ife a kumadzulo kwa Lilongwe funsoli silachilendo kwa ife. M'chaka cha 1968 boma, ndi ngongole ya World Bank, lidayambitsa ntchito yotukula ulimi ya Lilongwe Land Development Programme, yomwe idafika madera monga Nsaru, Nambuma ndi Mpingu. Idabweretsa misewu, mijigo, misika, feteleza wa ngongole ndi kalembera wa minda wotchedwa ndunda. Zabwino zimenezi sitingazikane.

Komabe kuyambira 1971 mlimi wamng'ono ankagulitsa zokolola zake ku ADMARC pa mtengo woikidwa ndi boma, ndipo fodya wa bale adaletsedwa kulima kufikira cha m'ma 1990, pomwe eni maesiteti ankalemera naye. Wolima adalipo, koma pokonza dongosolo mawu ake sadamveke.

Chisilamu sichitsutsa dongosolo la chakudya. Surah Yusuf ikutiphunzitsa kuti Mneneri Yusuf (Alayhis salaam) adalangiza Aiguputo kusunga tirigu wa zaka 7 za dzinthu kuti adzapulumuke m'zaka 7 za chilala, ndipo iye mwini adapempha udindo woyang'anira nkhokwe chifukwa adali wosunga mokhulupirika ndi wodziwa. Dziko lopanda nkhokwe limaika ana ake m'kamwa mwa njala. Koma nkhokwe yopanda munthu wokhulupirika nayonso siipulumutsa. Tidaziona mu 2002, pamene njala idapha anthu chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa kale.

Pa kagawidwe, chitsanzo chathu ndi Khalifa Umar ibn al-Khattab (Radhiyallahu anhu). M'chaka cha 18 cha Hijra chilala chitagwa ku Madina, adaitanitsa chakudya kuchokera ku Sham, ndipo adadziletsa nyama ndi mafuta a mkaka kufikira anthu atapeza chakudya. Woyeza muyezo wa ena adayamba wachepetsa wake.

Apa ndi pamene pali yankho. Kulamula munda ndi kuyeza chakudya ndi amanah, ndipo kumaloledwa pokhapokha eni minda afunsidwa kudzera mu shura, nkhokwe ikusungidwa poyera, ndipo muyezo ndi umodzi kwa mwana wamasiye ndi kwa mwana wa nduna. Mayi akagona pamzere wa chimanga usiku wonse, matumba n'kutulukira kukhomo lakumbuyo kupita kwa mavenda, kumeneko ndi kuphwanya amanah.

Nafenso tili ndi nkhokwe zathu. Kubisa chakudya podikira kuti mtengo ukwere, anansi ali ndi njala, Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alayhi wasallam) adakuletsa, ndipo zakaat ya zokolola ndi gawo la wosauka limene lili m'manja mwathu. Tikamafunsa atsogoleri za nkhokwe ya dziko, Allah adzatifunsanso za yathu.