Mtengo wa batani limodzi

Laputopu ikasiya kuonetsa Wi-Fi, nthawi zambiri palibe chimene chapsa. Mwina chala chinagunda batani la kandege, Airplane mode n'kuyaka. Mwina adapter yazimitsidwa mu Device Manager ndipo ikungodikira Enable. Kapena Windows yaikidwa kumene koma driver wa Wi-Fi mulibe. Apa umalumikiza foni ndi chingwe, n'kuyatsa USB tethering, n'kutsitsa driver uja ndi bandulo ya pafoni. Wodziwa amathana nazo tiyi asanazizire.

Ndiye funso langa ndi ili: wokonza makompyuta akalandira ndalama chifukwa chodina batani limodzi, waba?

Ambiri timafulumira kunena kuti eya. Tinazolowera kuyeza ntchito ndi thukuta. Wolima mizere tsiku lonse timamumvetsa, koma wongogwira kiyibodi mphindi ziwiri timamuona ngati watidyera. Komatu mphindi ziwirizo zili ndi zaka kumbuyo kwake. Munthuyo anaphunzira, anagula mabandulo kufufuza, amalipira lendi ya kashopu. Mwini laputopu akanatha sabata yathunthu akuyatsa n'kuzimitsa, tsiku lotumiza CV n'kudutsa. Chimene wagula ndi kudziwa pamene pali vuto, ndipo chimenecho sichaulere.

Kuba kumayambira pena. Kumayamba wokonzayo akatembenuza sikirini kuti usaone, n'kukuuza kuti kadi ya Wi-Fi yapsa, ubwere mawa ndi ndalama ya ina. Apo sakugulitsanso nzeru zake. Akukolola pa kusadziwa kwako, ndipo akufunitsitsa kuti ukhalebe wosadziwa kuti udzabwerenso. Ndalama ikhoza kukhala yofanana ndi ya woona mtima uja, koma wachinyengoyu wakulanda zinthu ziwiri: ndalama, ndi mwayi woti mawa udzikonzere wekha.

Wina anena kuti, aise, ukaulula chinsinsi udya chiyani? Nkhawayi ndi yoona, makamaka pamene makasitomala ali owerengeka. Koma amene wauzidwa zoona kuti linali batani chabe ndi yemweyo adzabwere nayo laputopu tsiku limene hard drive idzafedi, ndipo adzabwera ndi mnzake. Ngakhale asabwere, funso silisintha. Chilungamo chimene timachita pokhapokha chikatipindulitsa ndi malonda basi.

Nkhaniyi si ya okonza makompyuta okha. Ife amene tinapita kusukulu timakhala mbali ya wodziwayo pafupifupi tsiku lililonse: agogo akatipatsa foni kuti tiwaonere ndalama zimene zalowa, mnansi akatipempha kuti timuwerengere kalata ya Chingerezi, mng'ono wathu akafuna kudzaza fomu pa intaneti. Iwo sangathe kutsimikiza zimene tawauza. Amangotikhulupirira. Pamalo oterewa palibe wotiona, palibenso wotigwira.

Lipiritsani ngati ndi ntchito yanu, palibe cholakwa. Koma podina batanilo, sikirini iyang'ane kwa mwini wake.