M'bandakucha kwa Mponda

Dera la Mfumu Mponda lili ku Mangochi, pamene mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja ya Malawi kulunjika kunyanja ya Malombe. Kumeneko tsiku limayamba ndi azana ya kumzikiti, poti ambiri ndi Ayao achisilamu. Kukamayera, mabwato amakocheza padooko ndi usipa wausiku, amayi n'kumaugula m'mabeseni kukayanika pathandala. Chambo, chomwe kale chinali mbwee, chikusowa tsopano, ndipo makomiti a asodzi ali ndi ntchito yovuta yoletsa abale awo omwe kugwiritsa ntchito maukonde a maso aang'ono. Pamjigo pamadzaza msanga ngakhale madzi ali pakhomo, chifukwa am'nyanja amapatsa likodzo. Chipatala chachikulu ndi msika zili paboma, lomwe kale linkatchedwa Fort Johnston, ndipo ambiri amapitako pakabaza.