Chilango chotani chotha ndi jekiseni?

Mu 1992 mbusa wa mpingo wa Anglican ku Uganda, Gideon Byamugisha, anachita zimene anzake a kolala sankaziyembekeza. Mkazi wake atamwalira, iye anakayezetsa magazi, ndipo zotsatira zitatuluka sanazikhalire: anaulula kwa anzake a ntchito, kwa ophunzira ake ndi kwa akhristu kuti ali ndi kachilombo ka HIV. Amadziwika kuti ndiye mtsogoleri wa chipembedzo woyamba mu Africa kuulula zotere poyera. Masiku amenewo, kuyambira ku Kampala mpaka ku Lusaka ndi ku Blantyre, alaliki ambiri ankati Edzi ndi chikwapu cha Mulungu pa anthu achiwerewere. Tsono chikwapucho chinali chitagwera woima paguwa yemwe.

Funso loti matendawa ndi chilango kapena ayi silinathe. Limamvekabe pamaliro, pamene wolengeza mwambo akuti malemu "anadwala nthawi yaitali" koma kuseri kwa siwa anthu akukodolana n'kumati, "Ndi zomwezi." Limamvekanso mumtima mwa mayi amene wapita kusikelo ndi pakati poyamba, namwino n'kumuitanira m'kachipinda, iye n'kutuluka akudzifunsa kuti walakwanji.

Ziwerengero za UNAIDS zimati mu 2023 anthu 39.9 miliyoni padziko lonse anali ndi kachilomboka, ndipo 20.8 miliyoni mwa iwo anali kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Ku South Africa kokha ndi oposa 7 miliyoni. Ku Eswatini, pafupifupi mmodzi pa akuluakulu anayi alionse ali nako. Wonena kuti ichi ndi chilango ayenera kufotokoza chifukwa chake mkwiyowo unasankha chigawo chimene matchalitchi amadzaza mpaka ena kukhala pawindo, kumene Zambia inalengezedwa kuti ndi dziko lachikhristu mu 1991, n'kulambalala mizinda ya ku Ulaya kumene nyumba zina zopemphereramo zinasanduka malo omwera mowa. Madokotala ali ndi yankho losavuta: amuna amene ankathera zaka ku migodi ya ku Joni kutali ndi mabanja awo, misewu ya malole, matenda opatsirana pogonana osachizidwa amene zilonda zake zimatsegulira kachilombo khomo, ndiponso umphawi umene umapereka mtsikana wa ku sekondale kwa bambo wa msinkhu wa atate ake. Mu 2023 atsikana ndi amayi achichepere pafupifupi 3,100 a zaka 15 mpaka 24 ankatenga kachilomboka sabata iliyonse m'maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara.

Nanga ana? Nkosi Johnson wa ku South Africa anabadwa nako. Anayankhula pamsonkhano waukulu wa Edzi ku Durban mu 2000 ali ndi zaka 11, atavala suti yomukhwepa, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Uthenga Wabwino wa Yohane, mutu 9, uli ndi nkhani yofanana nayo: ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafuna kudziwa ngati anachimwa ndi iye kapena makolo ake, Yesu n'kukana zonse ziwiri. Anzake a Yobu nawonso analimbikira kuti munthu savutika popanda chifukwa, ndipo pamapeto a bukulo odzudzulidwa ndi iwowo.

Koma pamene ganizo la chilango limagwera chagada ndi pa mtengo wa mankhwala. Mankhwala amphamvu a HIV anayamba kupulumutsa anthu ku America ndi ku Ulaya mu 1996. Mtengo wake unali woposa madola 10,000 pa munthu pachaka, motero ku Africa kuno anthu anapitiriza kuonda ndi kufa, opala mabokosi n'kumachulukira m'mbali mwa misewu. Mu 2001 kampani ya ku India ya Cipla inati ingagulitse mankhwalawo pa madola 350, kenako panabwera thandizo la Global Fund ndi PEPFAR, ndipo ku Malawi ma ARV aulere anayamba kuperekedwa mu 2004. Ngati Edzi chinali chilango, ndiye kuti wa ku London anakhululukidwa mu 1996 pomwe wa ku Nsanje anadikira zaka zina zisanu ndi zitatu. Palibe mpingo kapena mzikiti umene ungavomere kuti Mulungu wake amakhululuka poona m'thumba.

Chindoko chimaonetsa zomwezi mosabisa. Mayi woyembekezera akakhala nacho osalandira chithandizo, mwana akhoza kufera m'mimba kapena kubadwa wodwala, ndipo WHO inati mu 2022 ana pafupifupi 700,000 anachitenga kwa amayi awo. Komatu jekiseni wa penisilini, wobayidwa pakati pakadali pang'ono, amamuteteza mwanayo. Ana awiri, machimo a makolo ofanana kapena opandiratu, mmodzi wamoyo, wina kumanda. Chowasiyanitsa ndi chakuti kuchipatala china zoyezera zinalipo, kwina zinali zitatha.

Alaliki a chikwapu sikuti analakwa zonse. Wosinthasintha zibwenzi amadziikadi pangozi, ndipo mbusa amene sanena zimenezi wasiya ntchito yake. Ngakhale makolo akale anali ndi chiphunzitso cha mdulo, choti kuphwanya mwambo wa kuchipinda kumadwalitsa ena m'nyumba, ndipo mwina n'chifukwa chake ulaliki wa chilango unamera msanga chotere. Koma zotsatira ndi chigamulo n'zosiyana. Moto umawotcha wakuba mbatata paphulusa, umawotchanso khanda lokwawira kumafuwa, ndipo chipsera sichinena kuti mwiniwake ndi uti. Mkazi amene sanadziwepo mwamuna wina amamwa mapiritsi omwewo ndi mwamuna amene anamubweretsera kachilomboko.

Ganizoli lapha anthu. Gugu Dlamini ataulula kuti ali ndi kachilombo mu 1998, anthu a kwawo ku KwaMashu pafupi ndi Durban anamumenya mpaka kufa, ati wachititsa manyazi dera lawo. Ena osawerengeka anafa mwakachetechete, poopa kuonedwa pamzere wa mankhwala. Ndipo munthu akakhulupirira kuti nthenda yake ndi ya tchimo, amafuna mankhwala a kumwamba. Mu 1995 chinamtindi cha anthu chinakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, amene ankati anauona kumaloto. Mu 2011 magalimoto anandanda makilomita ambiri kupita kumudzi wa Samunge ku Loliondo, ku Tanzania, kukamwa kapu imodzi ya mbusa wopuma Ambilikile Mwasapile, ndipo ena amene anataya ma ARV atamwa kapuyo sanakhalitse. Ku Zimbabwe khoti linalipitsa chindapusa mneneri Walter Magaya mu 2019 pa nkhani ya mankhwala ake otchedwa Aguma.

Chikhalirecho, chipembedzo chomwechi ndicho chinasenza odwala pamene kunalibe mankhwala. Zipatala za mishoni zinkagoneka anthu mpaka pansi. Amayi a mvano ndi a mabungwe ena a mpingo ankalowa m'nyumba zimene achibale anali atazithawa, kusambitsa wodwala, kumuphikira phala, kuchapa zofunda. Amayi amenewa sankafunsa kuti anakatenga kuti, ndipo pa nkhaniyi iwo anamvetsa malembo kuposa ambiri ovala mikanjo.

Byamugisha anatsala pang'ono kufa mu 1998, ma ARV n'kumudzutsa. Anakwatiranso mkazi amenenso ali ndi kachilombo, ana awo n'kubadwa opanda, ndipo anathandiza kuyambitsa bungwe la atsogoleri a zipembedzo amene ali ndi HIV. Mu 2009 analandira mphoto ya mtendere ya Niwano ya ku Japan, patatha zaka 17 chiululireni.